Tsiku Limene Mlongoti Anatseka Pakamwa

Nyumba ya wowotcherera zitsulo uja inali yaphokoso, koma phokoso lake linali la mtendere. Kuseri bambo ankalimbana ndi mageti ndi mafelemu a mawindo, pakhonde mayi ankapalasa makina osokera, ndipo pabwalo anyamata awo awiri ankanjanjitsa mpira wa basiketibolo mpaka agalu a anansi anatopa nako kuuwa. Dzuwa likapendeka phokoso lonselo linkati zii, Baibulo n'kutsegulidwa patebulo pomwe adyera, bambo n'kumawerenga pang'onopang'ono, chala chakuda ndi utsi chili pamzere. Olemera sanali. Koma ana ankadya, ankapita kusukulu zovala zili zochapa, ndipo akalakwa ankauzidwa pamaso.

Tinene msanga kuti mitima ikhale m'malo: nkhani iyi sikuthera kumanda. Koma inatsala pang'onong'ono.

Mwana wamkulu anthu anamutcha Mlongoti. Anatalika ngati wayambana ndi dothi. Asanamalize sekondale ankachita kuwerama polowa m'nyumba, ndipo mayi ake anafika pomuuza kuti, "Ukapitiriza chonchi ndidzakusokera thalauza la makatani." Wamng'ono anali Kamphepo, wamfupi, wopepuka, woti ukati umugwire apa iye ali kale uko, akukuseka. Mpira ankaukonda onse, ndipo iwo eni ankakondana.

Mpira womwewo ndi umene unawatsegulira chitseko cha koleji. Anayamba Mlongoti, chaka chotsatira Kamphepo. Kolejiyo inkaphunzitsa ulere anyamata a m'timu, malinga azikhoza mayeso ndi kusunga mwambo. Tsiku loperekeza wamng'onoyo, bambo anakokera Mlongoti pambali pa depoti ya basi.

"Iwe wazolowera kale kumeneko. Uyu ndi wopupuluma, amathamanga osayang'ana. Ndamuika m'manja mwako. Akapweteka ndidzafunsa iwe."

"Musadandaule, ababa. Ndilipo ine."

Kochi wa timuyo anali mayi wina wamfupi, wa mawu ngati a msilikali, amene anyamata aataliwo ankamuopa kuposa mayeso. A kochi anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa, ndipo kuti nkhaniyi imveke bwino muyenera kulidziwa. Mu basiketibolo, wosewera akamathamangitsa mdani amene ali ndi mpira, maso ake amakhala pa mpirawo, kumbali ndi kumbuyo saonako. Ndiye mdani wina, kawirikawiri chimunthu chachikulu, amabwera mwakachetechete n'kudzaima njii panjira yake. Malamulo amalola zimenezo. Anyamata a pakolejipo ankazitcha khoma. Wothamangayo akapanda kuchenjezedwa amakadziwomba pamenepo ndi liwiro lonse. Mankhwala ake ndi amodzi okha: mnzake wamtali amene waima pansi pa mkombero wogoletseramo mpira, amene amaona bwalo lonse, akuwe kuti, "Khoma kumanzere!" kapena "Khoma kumanja!"

"Iwe Mlongoti," ankatero a kochi, "ukaphonya mpira ndikukhululukira. Ukagwa ndikudzutsa. Koma ukadzaona khoma n'kukhala chete, usadzapondenso pabwalo langa. Msana wa mnzako ulibe maso."

Abale awiriwa ankachita kukoma kuwaonera. Kamphepo ankathamangitsa mdani osacheuka n'kamodzi komwe, chifukwa ankadziwa kuti kumbuyo kuli achimwene ake. Mawu akangomveka iye n'kupotoloka, khoma n'kutsala litaima lokha ngati chitsiru, oonerera n'kumaseka.

Tsono kuseri kwa mpanda wa bwalolo kunali kashopu ka zakumwa, ndipo mwini wake anali Kaputeni. Ukaputeni wakewo unatha kalekale, pamene anamuchotsa pakoleji yomweyo, koma dzina analikakamira, pamodzi ndi jezi yakale imene tsopano inkalephera kuphimba mchombo. Munthuyu pakamwa anali ndi uchi. Tsiku lina Mlongoti atagoletsa mochititsa kaso, Kaputeni anamukodola pampanda.

"Mphwanga, ine mpira ndauona pamoyo wanga, koma iwe ndiwe zina. Bwera udzakhale pansi, anthu akuone pafupi."

"Zikomo akulu, koma ine sindimwa."

"Ndani wanena zomwa? Ndati udzakhale. Koma nawenso, chimunthu chonsechi n'kumangothiriridwa madzi ngati mbande? Lawa kaye, ukane chinthu ukuchidziwa."

Mlongoti analawa. Chinamuwawa kukhosi, anatsokomola, anthu a pamenepo anaseka n'kumamusisita pamsana, ndipo kutamandidwako kunamukomera kuposa chakumwacho. Loweruka lotsatira anapita yekha osaitanidwa.

Zinthu zoterezi sizichedwa kukula. Anayamba kufika mochedwa kokonzekera m'mawa, maso ali psuu. M'kalasi ankakhala kumbuyo, miyendo yaitaliyo ataiponya m'kanjira, tulo tili pamphuno. Lamulungu Kamphepo akamudzutsa kuti apite kutchalitchi, ankangokokera bulangete kumutu n'kunena kuti, "Ukandipempherere komweko."

Atapita kwawo patchuthi, mayi anamuitanira kuseri kumene ankachapa.

"Mwananga, malaya akowa ndachapa, ndabwereza, fungo silikuchoka. Thukuta lako ndimalidziwa kuyambira uli khanda. Ili si thukuta."

"Ndi anzanga, amayi. Amandithira akamasangalala kuti tapambana."

"Anzakowo amakuthira ndi m'kamwa momwe?"

Bambo anamva. Anazimitsa makina awo, n'kukweza chigalasi chakumaso.

"Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana iwe. Amene akukugulira mowa lero sadzabwera kudzakunyamula ukadzagwa. Siya zimenezo zisanamere mizu."

"Ndamva, ababa."

Kumva anamvadi, koma mawuwo anawasiya pageti pomwepo tsiku lobwerera kukoleji.

Kenaka manja anayamba kumuvuta. Akaima pamzere kuti aponye mpira waulere, popanda womutchinga, zala zinkanjenjemera, mpira n'kugunda mkombero n'kubwerera. Anakadandaula kwa Kaputeni, ngati munthu wokapempha mankhwala a bala kwa yemwe wamubaya.

"Kameneko n'kamantha chabe, mphwanga. Tenga uwu, ndi woyera ngati madzi. Uthire m'botolo lako lija la pabwalo. Ukamva kunjenjemera, kamodzi kokha kukhosi, basi manja aima. Ndani amanunkhiza botolo la madzi?"

Kaputeni anaiwala, kapena sanafune kukumbuka, kuti pakati pa osewera mpira botolo lilibe mwini. Wezulo yopumira ikalira, aliyense amangotola lomwe lili pafupi. Ndipo masana ena pokonzekera, amene anatola botolo la Mlongoti anali Kamphepo. Anapapira ndi ludzu lonse, maso n'kutuzuka, n'kulavulira pansi. Anzake anaseka poyesa kuti watsamwa. Iye sanaseke. Anayang'ana mkulu wake, n'kupita nalo botololo kukalikhuthulira m'ngalande.

Atafika kuchipinda chimene ankagona awiriwo, Kamphepo anatseka chitseko.

"Achimwene, mpaka pabwalo?"

"Si zako."

"Ndi zanga. Ine ndimathamanga osaona kumbuyo chifukwa ndimadalira inu. Ndiye ndizidalira munthu woledzera?"

"Uziyamba waganiza usanayankhule. Ndinkakubereka kumsana ine."

"Mukapanda kusiya ndikauza ababa. Ndikunena pamaso panu kuti musadzati ndinakudyani miseche."

Sabata yomweyo a kochi anamukhazika Mlongoti pabenchi osanena chifukwa, ndipo udindo wotsogolera timu, umene aliyense ankati ndi wake, anaupereka kwa Kamphepo. Mlongoti anathamangira kukashopu kuja.

"Waona?" anatero Kaputeni akumutsegulira botolo. "Kamng'ono kako kaja kakugulitsa. Kakuneneza kwa mayi uja kuti katenge mpando wako. Ife zinatichitikira zimenezi, mphwanga. M'bale ndi amene amadziwa pobaya."

Mlongoti sanafunse aliyense ngati zinali zoona. Safunsa anadya phula. Anabwerera kuchipinda, n'kupeza mng'ono wake akuwerenga pabedi.

"Wapeza zimene umafuna, bwana mtsogoleri. Kuyambira lero ine ndi iwe pakamwa tatseka. Usandiyankhule, sindikuyankhula."

"Achimwene, ine sindinauze munthu."

Mlongoti anavula nsapato, n'kugona atamufulatira. Ndipo lumbiro limeneli analisungadi, iye amene analephera kusunga malonjezo ena onse. Chipinda chimodzi, sopo mmodzi, koma mawu ayi. Kamphepo ankayesa m'mawa uliwonse, "Mwadzuka bwanji, achimwene," n'kuyankhidwa ndi chitseko. Kuuza bambo sanawauze, ankati mwina mkulu wake abwerera yekha.

Kenaka linafika tsiku la mpikisano womaliza ndi koleji ina. Bambo anatseka ntchito, mayi anasiya madiresi a eni ake osamaliza, nadzakhala pakati pa oonerera atavala zakutchalitchi. Dzuwa linali lowawula, simenti ya pabwalo ikuchita kuotcha kumapazi. Mnyamata amene anatenga malo a Mlongoti anabinya mwendo masewera ali pakati, ndipo a kochi anayang'ana pabenchi.

"Mlongoti, lowa. Uli bwino?"

"Ndili bwino, a kochi."

Anali atadzera kwa Kaputeni m'mawa womwewo.

Timu inayo inali ndi chimnyamata china chimene ankachitcha Thirakitala, chifuwa ngati chitseko cha galaja. Masewera atatsala pang'ono kutha, zigoli zili zofanana, Kamphepo ankathamangitsa wa mpira cha m'mbali mwa bwalo, liwiro lonse, maso pa mpira. Mlongoti ali pansi pa mkombero anaona Thirakitala akusuntha. Anamuona akudzaima kumanzere kwa mng'ono wake, mapazi atawadzala pansi. Anaona zonse bwinobwino, ndipo pamenepa tisaunamizire mowa kuti unamutseka m'maso. Pakamwa panatseguka pokha mwa chizolowezi. Koma mumtima munabwera kamawu: musiye agweko pang'ono, bwana mtsogoleri aphunzire ulemu. Mlongoti anatseka pakamwa.

Kugundanako kunamveka mpaka kumpanda. Kamphepo anawomba chifuwa chija ndi nkhope ndi phewa, miyendo n'kunyamuka, n'kugwa chagada, nkhongo n'kumenya simenti. Mpira unagubuduka wokha kutuluka m'bwalo. Mnyamatayo sanadzuke, sanabuule, sanagwedeze ngakhale chala.

Chimene Mlongoti anamva choyamba ndi mawu a mayi ake akuitana mwana wawo. Mowa wonse unathera pomwepo. Anathamanga n'kugwada kuti amunyamule, a kochi n'kumukankhira kumbali.

"Osamugwedeza khosi. Itanani ambulansi."

Thirakitala nayenso anali atagwira kumutu, akungobwereza kuti, "Ndimayesa amuuza. Nthawi zonse amauzana awa."

Kuchipatala anamulowetsa m'chipinda chojambulira, chitseko n'kutsekedwa. M'khonde munali benchi yaitali ndi fungo la mankhwala okolopera. Namwino anati sangalonjeze kanthu: ngati khosi lathyoka mwina sadzayendanso, ndipo ngati magazi akhuthukira m'mutu nkhani ndi ina. Mayi ankapemphera chapansipansi, mpango uli kukamwa. Bambo anangokhala, manja aakuluwo ali pamaondo, osayang'ana munthu. Mlongoti akanakonda bambowo akanamukalipira, ngakhale kumumenya.

Mlongoti anatuluka panja kuti apume. Foni inalira m'thumba, ndipo anali Kaputeni.

"Ndamva, mphwanga, pepa. Koma tamvera, akakufunsa uziti sunaone. Mpira ndi mpira, ngozi zimachitika. Ndipo dzina langa lisamveke kumeneko, wamva? Ukatha ubwere udzaziziritse mtima."

Kaputeni sanafunse n'komwe ngati mwanayo ali moyo. Mlongoti anadula foni, n'kupita kuseri kwa thanki ya madzi kumene kunalibe anthu, n'kugwada pamiyala. Pemphero lalitali analibe.

"Mulungu, palibe chimene ndingakuuzeni chimene simunaone. Musalange iye chifukwa cha ine."

Dzuwa lisanalowe dokotala anatuluka akuvula magolovesi.

"Makolo ake ndinu? Khosi ndi lathunthu. M'mutu mulibe magazi. Bongo wagwedezeka, fupa la paphewa lathyoka, koma zala za kumapazi akugwedeza zonse. Watsitsimuka, ndipo akufunsa ngati timu yake yapambana."

Abale anga, mpumulo umene unagwa m'khonde muja ndani angaufotokoze? Mayi anatsika pabenchi n'kukhala pansi penipeni, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Bambo anagwira dzanja la dokotala ndi manja awiri osalisiya, mpaka dokotalayo anachita kupempha kuti amubwezere dzanja lake chifukwa odwala ena akulidikira. A kochi, mayi wouma mtima uja, anatembenukira kuwindo kukapukuta m'maso. Mlongoti anatsamira chipupa n'kutsetsereka mpaka pansi.

Atawalola kulowa, anapeza Kamphepo ali chigonere, mkono utamangidwa pachifuwa, mlomo utatupa. Mayi anamugwira mapazi n'kumawerenga zala ngati wangobadwa kumene. A kochi anadikira kuti chisangalalo chitsikeko, kenaka anafunsa.

"Kodi sunamve kuchenjeza?"

Kamphepo anayang'ana kudenga.

"Phokoso linachuluka, a kochi. Achimwene ayenera kuti anakuwa, ine ndi amene sindinamve."

Njira yothawira inali imeneyo, yotseguka, yoperekedwa ndi munthu yemwe iye anamupweteka. Palibe akanadziwa. Koma Mlongoti atayang'ana nkhope ya mng'ono wake anaona kuti mwanayo zoona akuzidziwa, akungomuphimba. Manyazi amene anamugwira anaposa mantha onse a m'khonde muja. Anagwada pambali pa bedi.

"Sindinakuwe. Khoma ndinaliona, ndinaliona bwinobwino, ndinatseka pakamwa dala. Ndinali nditamwa, ndipo ndakhala ndikumwa, koma si mowa wokha unandigwira lilime, ndi mtima wanga. Ndimati agweko pang'ono chifukwa anandineneza kwa inu, a kochi."

"Anakuneneza?" anatero a kochi. "Mwana uyu ndinamufunsa, anakana kutsegula pakamwa. Iwe umayesa ine mphuno ndilibe? Ndinakukhazika pabenchi kuti udzandifunse chifukwa chake, tikambirane. Sunabwere."

Bambo anaimirira n'kutuluka. Anakhalitsa kunja. Atabwerera anaima pafupi ndi mwana wawo wamkulu, amene anali chigwadire.

"Tikanachoka pano ndi bokosi lero, sindikudziwa ngati ndikanathanso kukuyang'ana kumaso. Mulungu watichitira chifundo tonse, iwe kwambiri. Imirira. Wanena zoona, tiyambira pamenepo."

Kamphepo anatambasula dzanja labwinolo n'kukoka khutu la mkulu wake.

"Ndiye mwayambanso kuyankhula, achimwene? Zinafunika mpaka ambulansi?"

Anaseka, kusekako n'kumupweteka phewa, ndipo onse m'chipindamo anaseka misozi ili m'masaya. M'mawa mwake anabwera Thirakitala ndi jumbo la malalanje, akuyenda monyang'ama ngati wabwera kudzamangidwa. Mayi anamukhazika pampando n'kumusendera limodzi la malalanje ake omwe, namuuza kuti alibe mlandu.

Komatu kukhululukidwa sikufafaniza zonse. Madzi akatayika saoleka. A kochi anasunga mawu awo, Mlongoti anachotsedwa m'timu, ndipo maphunziro aulere anathera pomwepo. Anabwerera kwawo ndi chikwama, sukulu ili pakati, n'kuyamba kunyamulira bambo ake zitsulo. Anansi amene ankati adzamuona pa wailesi yakanema ankamuona akupala dzimbiri pageti la eni ake.

Mowa nawo sunamusiye mwaulemu. Masabata oyamba manja ankanjenjemera moti bambo sankamulola kugwira chowotcherera. Tsiku lina atatumidwa kukagula penti, miyendo inamutengera pakhomo la bala. Anaima pamenepo thukuta lili kamukamu, fungo likumuitana. Kenaka anatulutsa foni n'kuimbira mng'ono wake, amene anali kunyumba akuchira.

"Ndili pakhomo pa bala. Sindinalowe."

"Musadule foni, achimwene. Tembenukani, muziyenda, muzindiuza zimene mukuona."

Anayenda choncho, akutchula masitolo, njinga ndi agalu a mumsewu, mpaka anafika pageti la kwawo. Penti sanagule, ndipo bambo atamva chifukwa chake anati penti angadikire. Abusa ankamuyendera, mayi ankamudikira pakhonde akachedwa, ndipo pang'onopang'ono ludzu lija linazilala. Maphunziro anadzamaliza mochedwa, anzake atayamba kale ntchito.

Kamphepo anachira, nabwerera pabwalo chaka chotsatira. Fupa linalunzana bwino, mutu unasiya kuwawa. Koma oonerera anazindikira chinthu china chachilendo. Akamathamangitsa mdani ankacheuka, kumanzere, kumanja, ngakhale mnzake wakumbuyo akuwe chotani. Kucheuka kumeneko kumadya liwiro, ndipo adani anayamba kumudutsa mosavuta. Mnyamata amene anthu ankati adzasewera m'matimu akuluakulu anangokhala wosewera wamba. Mlongoti anapita kukaonera tsiku lina, ataima kunja kwa mpanda, ndipo kucheuka kulikonse kunkamulasa mumtima. Pakashopu paja Kaputeni anali atakhazika kale wosewera wina watsopano, akumuuza kuti iye ndi zina. Mlongoti anakauza a kochi za Kaputeniyo asanakwere basi.

Patapita zaka, onse awiri ali pantchito, m'dera lawo munayambika timu ya anthu wamba: aphunzitsi, wometa tsitsi, dalaivala wa lole, ndi ena amene mimba zinali zitayamba kutsogola. Ankasewera Loweruka masana pabwalo la sukulu, popanda malipiro, popanda chikho. Mlongoti analowa, n'kukapempha mng'ono wake kuti naye abwere.

"Ndibwera," anatero Kamphepo, "koma musadabwe ndikamacheuka. Si kuti sindinakukhululukireni, achimwene. Khosi limangotembenuka lokha."

"Cheuka mmene ungafunire. Ine ndizikuwabe."

Ndipo ankakuwadi. Ankakuwa khoma likubwera, ankakuwa lidakali kutali, nthawi zina ankakuwa munthu atangoima kuti amange chingwe cha nsapato, mpaka wometa tsitsi anadandaula kuti akubwerera kunyumba makutu akulira. Lamulungu kutchalitchi ankaimba ndi mawu osasa, mayi ake n'kumamugwedeza ndi chigongono kuti atsitseko. Miyezi inapita, chaka chinatha, Kamphepo akucheukabe, ndipo Mlongoti sanadandaule n'kamodzi komwe, chifukwa ankadziwa amene anaphunzitsa khosilo kutembenuka.

Loweruka lina, masewera wamba, oonerera ali ochepa, makaniki wonenepa wa timu inayo anadzaima kumanja kwa Kamphepo.

"Khoma kumanja!"

Kamphepo anapotoloka, kuzungulira chimimba cha makanikiyo, n'kulanda mpira maso ali kutsogolo, n'kuthamanga nawo kukagoletsa. Sanacheuke. Iye mwini sanazindikire n'komwe, anabwerera akuseka, akufunsa anzake ngati aona. Koma Mlongoti anangoima pansi pa mkombero manja ali lende, chimunthu chachitalicho misozi ikutsika mpaka m'ndevu. Woimbira mpira atamufunsa ngati wavulala, anangopukusa mutu. Mtolo umene anausenza kuchokera pa simenti ya kukoleji ija anautula tsiku limenelo.

Inu achinyamata, Mlongoti anapulumuka, mng'ono wake ali moyo, ndipo tikuthokoza Mulungu. Koma musadalire mwayi wake, chifukwa ena anagwa chimodzimodzi osadzukanso. Mowa suyamba n'kukugwetsa m'ngalande. Umayamba wakudanitsa ndi amene amakuuza zoona, n'kukusiya m'manja mwa amene amakutamanda. Musaulawe, ndipo munthu akakuuzani zoipa za m'bale wanu, pitani mukamufunse mwini wake musanamusungire chakukhosi. Lidzafika tsiku limene moyo wake udzadalira mawu anu amodzi, ndipo mkwiyo umene munausunga udzakugwirani lilime. Kutseka pakamwa kunamutengera Mlongoti kamphindi chabe, koma kuti mng'ono wake asiye kucheuka panapita zaka.